Jarrell ndi Mantha a Ndege

Timu yathu ya basiketibolo itasankha Jarrell Pettiford ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nyuzipepala zinalemba za kutalika kwake ndi kulumpha kwake. Palibe analemba kuti mnyamatayu ankaopa ndege. Ine ndinadziwa msanga, chifukwa kochi anandipatsa ntchito yomuyang'anira, poti ndinali mkhalakale pa timupo.

Kwawo ku Mississippi ankapita ku masewera onse pa basi. Ulendo wathu woyamba, ndege itangonyamuka, anandigwira dzanja mpaka zala zinachita dzanzi.

"Mphwanga, dzanjali ndimaponyera mpira," ndinatero.

"Pepani achimwene, ndikubwezerani tikatera."

Anzathu anamutcha Wapansi. Ena ankagwedeza mpando wake dala, iye n'kuyamba nyimbo za kutchalitchi cha amayi ake. Vuto linali loti pabwalo lathu ankasewera ngati chilombo, koma tikakasewera koyenda mantha a ndege ankakhala asanamuchoke, mpira n'kumamupulumuka m'manja. Kochi anayamba kumukhazika pabenchi, ndipo mphekesera zinamveka zoti amutumiza ku ligi yaing'ono. Jarrell anasiya kuseka, ngakhale chakudya ankangochitosatosa.

Tsiku lina popita ku Denver tinakumana ndi chimphepo. Ndege inagwedezeka koopsa, zikwama zikugwa, ndipo amene ankamuseka aja ndi amene ankakuwa kwambiri. Ine ndinaitana dzina la mkazi wanga, kenako la mkazi wanga wakale. Jarrell anangokhala duu, maso ali patsogolo.

Mawa lake kochi anamulowetsa chifukwa osewera awiri ankadwala m'mimba. Anagoletsa mapointi makumi atatu, tinapambana. Atolankhani atamufunsa chinsinsi chake, anayankha kuti dzulo lake anali atatsanzikana kale ndi dziko, ndiye munthu wakufa sangaope kuphonya. Kochi ananena kuti apempha woyendetsa ndege azitigwedeza ulendo uliwonse.

Mantha sanatheretu, koma pabenchi sanabwererepo. Anasewera nafe zaka zisanu, kenako anamugulitsa ku timu ina, komwe anakatenga chikho ine nditapuma kale. Bondo litayamba kumuvuta, anasiya mpira n'kubwerera kwawo. Pano amaphunzitsa timu ya atsikana a kusekondale, ndipo akuti amamuderera chifukwa akalakwitsa, satha kuwakalipira.