Makumba a Malemu Pearson

A Pearson Mhango, mphunzitsi wopuma wa ku Henga, anamwalira mu Febuluwale n'kusiya mkazi, njinga yopanda mabuleki, ndi dziwe la makumba kuseri kwa nthochi. Pa zitatuzi, chimene ankachitchula ali gone kuchipatala chinali dziwe. Anauza mkazi wawo Nelly kuti tsiku lovundukula chiliza chawo anthu adzadye nsomba za m'dziwemo.

"Aliyense yakeyake, NyaGondwe. Yathunthu, osati chidutswa."

Abale anasankha Ogasiti, ndipo Nelly analumbira mumtima kuti mawuwo sagwa pansi.

Kusakaniza chakudya cha nsomba ankakudziwa, poti wokazinga soya anali iye: mbale zitatu za madeya, imodzi ya soya wogaya, ndi kadzanja ka fumbi la usipa wa ku Chitimba. Chimene sankadziwa ndi nthawi yake. Bambowo ankapita kudziwe iye ali kumunda, ndipo mwamuna akamachita chinthu tsiku ndi tsiku, ndani amamufunsa kuti wotchi ikuti bwanji? Choncho Nelly ankadyetsa nsomba monga ankadyetsera ana ake, m'mamawa asanagwire khasu.

Mpaka Meyi zinkayenda. Kenako Juni anatsika ku Nyika ndi chisanu choluma zala, ndipo m'mawa wina madeya anangoyandama pamadzi, popanda kansomba n'kamodzi komwe kobwera kudzalawa. Mawa lake chimodzimodzi.

Nelly anagwidwa mantha. Amuna ake anayamba chomwechi, kukankha mbale ya phala, iye n'kuwaleka poganiza kuti njala ikawapweteka adya. Sanadyenso. Mlandu umenewo ankadziimba yekha, ndipo sanafune kuupalamula kawiri. Anachita zimene mayi amachita wodwala akakana kudya: anawonjezera, n'kukometsera. Soya anakhala mbale ziwiri, usipa wa ndiwo zake unapita m'mtondo, ndipo ankathira katatu pa tsiku, uku akuzinyengerera ngati zili ndi makutu.

Madzi anada, n'kuyamba kafungo. Iye anati ndi masamba a nthochi.

Lachinayi lina la mu Julayi anapeza nsomba zili pamwamba, pakamwa yasayasa. Anasangalala, mayi wachisoni, poyesa kuti njala yabwerera, ndipo anakhuthula beseni lonse. Pobwera kumunda anapeza dziwe lili mbuu ndi mimba zoyera.

A Hezron, mng'ono wa malemu, amenenso anali ndi maiwe awo kutsidya kwa msewu, anabwera atamva kulira. Anapisa ndodo pansi pa dziwe, ndipo inatuluka itamatidwa phala lakuda lonunkha.

"Mlamu, mumathira nthawi yanji?"

"M'mawa. Masana. Madzulo. Sizimadya, alamu, ndikanatani?"

"Kukazizira nsomba sidya kwenikweni. Akulu aja ankadikira dzuwa lifike pamutu, madzi afunde, n'kuthira pang'ono chabe. Chotsala chimawola pansi n'kumaliza mpweya m'madzi." Kenako anati, "Ndine wolakwa. Ndimadutsa pano tsiku lililonse, osafunsa."

Anavuula nsomba zakufa mazana atatu ndi makumi anayi. Zinali zonenepa bwino, zoyenera mbale iliyonse yakeyake, ndipo kukongola kwake n'kumene kunamuliza kwambiri Nelly. Anazikwirira m'dzenje limodzi.

"Ndidzakoka dziwe langa," anatero a Hezron akutsuka khasu. "Makumba ndi makumba. Palibe adzadziwe."

Nelly anawaleka kuti achite momwemo.

Tsiku la chiliza kunagwa anthu. Amayi a kumpingo anakazinga kuyambira m'mawa, ndipo aliyense analandira nsomba yathunthu, mpaka ana. Atatha kudya, abusa anaimirira akupukuta zala.

"Mwaona, wakufa watidyetsa lero! Koma tithokoze mayi awa, amene asamala ziweto za amuna awo mpaka tsiku lino. Uku ndiye kusunga mawu."

Anthu anaomba m'manja, ena n'kululutira. A Hezron anayang'ana pansi. Nelly anagwada monga mwa mwambo, nati, "Yewo chomene," mawu akunjenjemera, ndipo onse anayesa kuti akulira amuna ake. Nsomba yake anaikankhira kwa mayi woyandikana naye, amene anailandira ndi manja awiri n'kunena kuti nsomba za a Pearson zili ndi kakomedwe kakekake.