Kiyi wa Laibulale ya Ana

Feston anaima pakhomo la chipinda cha malemu bambo ake, maso ali pa kiyi wolendewera pamsomali. Mvula inali isanakate chiikireni maliro, ndipo madzi a Ruo anali atafika kale kumsika wa Makhanga.

"Usakhudze," anatero a Sebastiano, mng'ono wa malemuwo. "Katundu wa womwalira satuluka m'nyumba tisanamete."

"Kiyiyu si wawo, bambo aang'ono, ankangosunga. Ndi wa laibulale ya ana. A Helena oyang'anira aja madzi awatsekereza ku Bangula, ndipo mabuku ali m'mashelefu apansi."

"Mabuku a zithunzi za njovu! Nyumba yabwinobwino yamalata, ati ana azigubuduzikamo pamphasa. Ife akuluakulu timalowamo pothawa dzuwa ndi kutchaja mafoni basi. Achimwene okha ndiwo ankaiyesa tchalitchi. Munthu waimvi pa kampando kofiira, maondo kuchibwano, kumvetsera nthano limodzi ndi ana amamina. Mudzi wonse unkaseka."

Chisiyireni koleji kudzadwazika bambo ake, Feston sankafuna n'kuona buku komwe. Koma ankadziwa kuti dzinja lililonse bambo akewo, a Geresomo, ankapita kukakweza mabukuwo kudenga. Chaka chino dzinja linawapeza ali m'chipatala.

Anayang'ana mayi ake. A Jesinta anali pamkeka wa namfedwa, atazolika. Feston anachotsa kiyi pamsomali.

"Ukadwala usadzatifunse," anatero a Sebastiano kumbuyo kwake.

Ku laibulale anapeza madzi akulekeza mu akakolo. Timipando tofiira ndi tachikasu tinkayandama, kugundana pang'onopang'ono. Atakweza maso anaona zingwe zikulendewera pamitanda ya denga, chilichonse chili ndi thumba la feteleza lochapa bwino, lomangidwa mfundo ija bambo ake ankamangira bwato. Bambo akewo anali atakonzeratu asanagonekedwe m'chipatala.

Anayamba kulongedza. Mabuku anali ambiri, manja awiri okha, ndipo madzi anali atayamba kunyambita shelefu yoyamba.

Kenako anamva munthu akuyenda m'madzi panja. Anali mayi ake, beseni lili pamutu, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno.

"Amayi! Inu simuyenera kutuluka. A Sebastiano ati chiyani?"

"Akuyankhulabe."

Pakhomo anaima. Anatula beseni, n'kuwerama, kuvula mapatapata awo, kuwasanjika pawindo.

"Ingolowani nawo, amayi. Pansi pano ndi matope okhaokha."

"Bambo ako sankalowa muno ndi nsapato," anatero a Jesinta. "Ankati pansipa ndi pokhala ana."

Analowa chosavala nsapato, natola buku loyamba, kulipukuta chikuto ndi nsonga youma ya mpango wawo. Feston anayang'ana kumapazi kwake. Kenako anabwerera pakhomo kukavula zake.