Nsapato za pa Msomali

Doko lija silinafe tsiku limodzi. Mabwato anachepa, magalimoto odzapikula nsomba anasiya kubwera, mpaka amphaka omwe anasamuka. Amalonda a m'tauniyo, ataona kuti atsala pang'ono kumangogulitsana okhaokha sopo ndi machesi, anakhala pansi n'kugwirizana kuti mutu umodzi susenza denga. Wina anapereka simenti, wina malata, ndipo mayi wa pamalo omwetsera mafuta, yemwe anali wapampando, anapeza makina oziziritsira nsomba. Makinawo ankafika Loweruka, ndipo malo ake anali shedi yakale ya asodzi.

Ntchito yotulutsa zonse m'shedimo inagwera Wamisomali, mwini sitolo ya zitsulo, amene kale anali msodzi. Maukonde owola ndi migolo yadzimbiri anazitulutsa tsiku limodzi. Linavuta ndi khoma la kumbuyo.

Asodzi a padokopo anali ndi kachitidwe kawo. Munthu asanakwere bwato ankavula nsapato n'kuzipachika pa msomali, pobwera n'kuzitenga. Ukafuna kudziwa amene akadali pamadzi, unkangoyang'ana khomalo. Nsapato zomwe eni ake sanabwerere palibe ankazikhudza. Zinalipo mapeyala khumi ndi imodzi, zouma gwa, fumbi lili mbuu.

Wamisomali anayenda khomo ndi khomo kupempha eni maliro kuti adzatenge zawo. Anabwera mmodzimmodzi. Ena ankalira, ena ankangozikulunga m'nsalu n'kumapita. Mayi wina wamasiye anazinunkhiza n'kuseka misozi ikutsika. "Bambo amenewa mapazi awo! Mpaka lero fungo silinathe."

Pofika Lachisanu panatsala peyala imodzi, yachikopa chofiirira, chidendene chakumanzere chodyeka.

"Achimwene," anatero wapampando ataima pakhomo la sitolo, "amisiri akufuna khoma lija mawa m'mawa. Likapanda kukonzeka, makina apita kudoko lina, ife tizidya mphepo. Ndikudziwa kuti ndi za mng'ono wanu, komatu..."

"Ndamva, mayi," anayankha, maso ali pa sikelo.

Anthu sachedwa kuiwala, ndipo akaiwala amakonza nkhani kuti ikhale yosavuta kunena. Nsapato zija sizinali za mng'ono wake. Zinali zake.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, m'mawa wina, anazipachika yekha pa msomali umenewo. Koma dzino linali litamugoneka maso usiku wonse, tsaya litatupa ngati wavwira mandimu. Mng'ono wake, telala, amene ankangodutsa popita kushopu, anamuseka. "Achimwene, ndi nkhope imeneyo nsomba zithawa. Kagoneni, ndikugwirirani lero." Bwato linali litayamba kale kusuntha, choncho telalayo analumphiramo ndi nsapato zake kuphazi. Wamisomali anameza mapiritsi, n'kudzigwetsa kuseri kwa mulu wa maukonde, tulo n'kumutenga.

Chimphepo chinadza masana. Mabwato ena anabwerera, limenelo ayi. Anthu anathamangira kukhoma kuja, anaona nsapato, n'kukauza amayi a Wamisomali kuti mwana wawo wamkulu watsala pamadzi. Iye anadzidzimuka ndi kulira kwa amayi ake akutchula dzina lake. Anatuluka kuseri kwa maukonde wopanda nsapato, anthu n'kubalalika ngati aona mzukwa. Amayi ake anamugwira nkhope ndi chimwemwe. Kenako anayang'ana kumbuyo kwake.

"Nanga mng'ono wako ali kuti?"

Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso bwato, ndipo nsapatozo sanazikhudze. Ankachita manyazi, komanso mantha. Mumtima mwake ankaona kuti khomalo silinaname: woyenera kutsala anali iye, ndipo amene ankayeza misomali m'sitolo anali munthu wongobwereka moyo wa mnzake. Kuzichotsa kunali kunena pamaso pa amayi ake kuti iye anabwerako, pamene mnzake sanabwere.

Masana a Lachisanulo anatseka sitolo n'kupita kushedi atanyamula hamala. Munali zii. Pamene panali nsapato zina panatsala timadontho toyera pakhoma, tiwiritiwiri. Anazula misomali khumi, uliwonse ukulira potuluka. Atafika pa womaliza, dzanja linakana.

Ndipo anamva mapazi kumbuyo kwake, oyenda pang'onopang'ono pasimenti. Tsitsi linamuima. Sanatembenuke, poopa kuona telala atanyowa, akumuseka tsaya.

"Ukudikira kuti zitsike zokha?"

Anali amayi ake, atatsamira ndodo, akupuma movutikira.

"Amayi, mwayenda mtunda wonsewu bwanji? Ndimati ndibwere ndikufunseni kaye."

"Undifunse chiyani? Nsapato ndi zanga?"

"Anthu amati ndi za..."

"Anthu asiye. Ndinakugulira ndine, utangoyamba usodzi. Chidendene icho unadya ndiwe ndi kayendedwe kako kokhota ngati bambo ako."

Wamisomali anagwira khoma. "Ndikanapita ine, Amayi. Linali dzino chabe."

"Ukanapita iwe, ndikanalira iwe. Ukuganiza kuti ndikanalira pang'ono?" Anagogoda pansi ndi ndodo. "Tsitsa."

Anatsitsa. Zinali zopepuka, ndipo m'kati mwa imodzi munatuluka kangaude n'kuthawira pansi pa chitseko. Anafuna kuzikulunga m'thumba la simenti, koma amayi ake anapukusa mutu.

"Vala."

"Zauma, Amayi. Sizilowa."

"Ndati vala, iwe."

Anakhala pansi bambo wa imvi zake, n'kuvula zomwe anavala. Chikopa chinamuluma zala, chinamusupula chidendene, koma mapazi analowa. Ataimirira, amayi ake anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira ana awiri," anatero. "Mmodzi abwereko kunyumba."