Anasesa ndi Njanji Zomwe

Zelipa ankauza anzake kuti iye anakwatiwa pa mitala. Mkazi wamkulu anali iye, inde, wa ukwati wa m'tchalitchi ku Limbe, koma wamng'ono ankakhala m'chipinda chapansi pa nyumba yawo ya lendi ku Mississauga, ndipo ndi amene a Tobias ankathamangira kukamuona akaweruka ku ntchito. Mkazi wamng'onoyo anali njanji. Osati njanji yeniyeni ayi, koma tisitima ta magetsi, mutu wake wokwana m'dzanja, toyenda pa matabwa amene anazungulira chipinda chonsecho mpaka kuseri kwa makina ochapira zovala.

"Munthu wamkulu ndi ndevu zanu," Zelipa ankatero ataima pamwamba pa masitepe. "Tsiku lina mudzapeza ndataya zonsezi, muona."

"Mukamadzataya mudzayambe ndi ine, mayi," ankayankha a Tobias osatembenuka n'komwe.

Matendawa anawatengera ku chipatala. A Tobias ankagwira ntchito yojambula mafupa pa chipatala china chachikulu m'kati mwa Toronto, ndipo tsiku lina anawabweretsera nkhalamba ya ku Ireland yothyoka chiuno, dzina lake McGinley. Paunyamata wake nkhalambayi inkathira malasha m'mutu wa sitima kwawoko. Nanga si bambo awo a Tobias nawonso anathera moyo wawo pa njanji ku Limbe? Basitu, chiuno chinaiwalika, awiriwo n'kumangokambirana za malasha ndi nthunzi. Njanji imene a McGinley ankagwirapo anaitseka kalekale, zitsulo zake n'kuzula. Nawo a Tobias kwawo kunali kosabwererako, chifukwa ali pa sukulu ku Toronto konko analankhulapo mokweza za boma, ndipo zaka zimenezo, m'ma 1970, munthu akatero njira yakumudzi inkatsekeka. Anamvana ngati pachibale.

Tisitima ta ku Ireland tinali tosowa kwambiri m'masitolo. Okonda zimenezi ankagula ta ku Mangalande n'kupentanso, ena ankasula okha ndi mkuwa, kenako n'kumasinthana. Loweruka lina pamwezi ankakumana m'holo ya tchalitchi china ku North York, azibambo a ku Ireland okhaokha, pakati pawo munthu wakuda mmodzi wamagalasi akukangana za mtundu wa penti. Tsiku lina m'nyengo yozizira a Tobias anabwerako opanda chikhoti, mano akugundana, atafungatira kabokosi. Anali atapereka mabogi awo abwino pamodzi ndi chikhoti chaubweyacho posinthana ndi kamutu ka sitima ka buluu, kosulidwa pamanja ku Ireland komweko. Zelipa anakhala sabata yathunthu akuwapatsa chakudya osawayankhula. Kenako anakawagulira chikhoti china, nanga akanatani.

Koma panali chinthu chimodzi chimene Zelipa sanauzepo munthu. Pansi pa khitchini panali kabowo kotulukira mpweya wofunda, ndipo phokoso la njanji ija linkakwera kudzera pamenepo. Kete-kete, kete-kete, kenako duu pang'ono, n'kuyambiranso. Akafika kuchokera ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira unesi, miyendo ikuwawa, asanavule nsapato ankayamba watchera khutu. Akamva kete-kete ankadziwa kuti mwamuna wake alipo, ali bwino. Mwana Mulungu sanawapatse, ndiye phokoso la m'nyumba imeneyo linali lomwelo. Chakudya chikapsa sankaitana ndi pakamwa ayi. Ankangomenya pansi ndi chidendene, sitima n'kuima, masitepe n'kuyamba kulira.

A Tobias anagwa akukokola chipale chofewa pakhomo, fosholo ili m'manja. Akuti mtima. Pamene ambulansi inkafika n'kuti zonse zitatha.

Amalawi a ku Toronto nthawi imeneyo anali owerengeka, ndipo onse anabwera, ndi a ku Zambia omwe. Wamkulu pakati pawo anali a Lameck, mkulu wa mpingo, munthu wa mtima wabwino koma wosamva za wina akatsimikiza chinthu. Maliro amenewa anawawawa kwambiri a Lameck. Thupi silinapite kumudzi. Manda anakumba ndi makina, popanda adzukulu. Anthu analira moyang'ana wotchi chifukwa eni malo oikira maliro anali atawapatsa nthawi yake.

"Zonse tachita zachizungu," anatero a Lameck pochokera kumanda. "Koma kusesa kokha ndiye tichite mwa kwathu. Mnzathuyu asaone ngati tamutaya."

Kumudzi, maliro akaikidwa, m'mawa mwake anthu amasesa pakhomo ponse, kuchotsa zotsalira za siwa, ndipo akuluakulu amakhala pansi kuona za katundu wa malemu. Namfedwa salowererapo. Ndiye Zelipa anakhala pa matiresi pabalaza, atafunda nsalu kumutu, azimayi atamuzungulira. Ena ankakolopa, ena ankapinda zovala za a Tobias zoti zikatumizidwe kwa abale awo ku Limbe. Azibambo anatsikira m'chipinda chapansi.

Choyamba anamva kuseka kwa ana. Kenako anamva hamala, ndi kulira kwa msomali ukamazulidwa m'thabwa.

"Asisi, akutani pansipo?" Zelipa ananong'oneza Agnes, mkazi wa a Lameck, amene anali atamugwira dzanja.

"Akusesa, musavutike," anatero Agnes. "Abambo a Joseph ati zidole zija azigawire ana, poti kuno kulibe m'bale woti atenge. Matabwawo akutulutsa panja. Paja munkanena nokha kuti mudzataya, ndiye akuti akupepuzeni, musamadzazione n'kumalira."

Zelipa anafuna kudzuka. Miyendo inali nayo mphamvu, masitepe anali pafupi. Koma mkazi woti mwamuna wake wagona m'dothi dzulodzuloli angadzambatuke bwanji pa matiresi, kukalowa pakati pa azibambo, kukalimbirana katundu? Nkhani imeneyo ikanafika ku Limbe iye asanavule n'komwe nsalu yamaliro. Anakokera nsalu kumaso, nalira mokweza, ndipo azimayi anamuthandiza kulira poganiza kuti akulira a Tobias. Sikuti analakwitsa. M'mawa mwake galimoto ya zinyalala inanyamula zonse zimene zinali m'mbali mwa msewu.

Anthu atabalalika, nyumba ija inangoti zii. Ndege zinkadutsabe pamwamba popita ku bwalo lake, firiji inkalirabe, koma kabowo ka m'khitchini kankangotulutsa mpweya wofunda basi. Zelipa anapirira mpaka chipale chinasungunuka. Nkhope ya mwamuna wake anali nayo pa chithunzi, fungo lawo linali m'chikhoti chija, chimene anachibisa kuseri kwa madiresi ake tsiku losesa. Chimene chinkamusowa mpaka kumudwalitsa chinali phokoso lija. Ankangofuna kulimvanso, ngakhale kamodzi kokha.

Ndiye anachita chinthu chochititsa manyazi. Anakwera basi kupita ku North York, nakwera chikepe mpaka pamwamba pa nyumba yosanja kumene a Lameck ankakhala, kukapempha chinthu chogawidwa kale pamaliro.

"Alamu, mundikhululukire," anatero atagwada, maso ali pansi. "Kamutu ka buluu kaja akuti kanapita kwa Joseph. Ndimati mwina mwanayo ndingamugulire chidole china."

Zimenezi sizichitika, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma a Lameck ataona mmene mayiyo anaondera, anaitana mwana wawo. Joseph anabadwira ku Toronto konko, Chichewa ankangomva koma osayankha. Anabweretsa kamutuko kali m'bokosi la nsapato, kachumuni kake katapindika.

"It doesn't even work, Auntie," anatero mwanayo.

"Akunena zoona," anawonjezera a Lameck. "Ndinamugulira njanji m'sitolo, koma kakukana kukhalapo, kakungopendekeka. Mwina kanali kakufa kale. Tengani alamu, ife sitinadziwe kuti mumakafuna."

Zelipa sanakhulupirire zoti n'kakufa. Si kankayenda tsiku lililonse pansi pa mapazi ake? Vuto n'loti a Lameck sadziwa kugula, anaganiza choncho. Odziwa ake alipo.

Loweruka losinthana litafika, anapinda chikhoti chija bwinobwino, naika kamutu m'chikwama, ulendo wa ku holo ya tchalitchi ija. Anali asanapondeko. Anapeza matebulo ataliatali, tisitima tandandalikidwa, fungo la fodya ndi mafuta a makina lili phuu. Azibambo aja atamuona anasiya zokangana zawo, chifukwa pamaliro anabwera ndipo ankamudziwa. A McGinley anadzuka ndi ndodo yawo, namukokera mpando.

"Bambo, ndabwera kudzasinthana," anatero Zelipa, nayala chikhoti patebulo. "Ndikudziwa kuti kuno chikhoti chimayenda malonda. Ndikufuna njanji. Zochepa chabe, zongozungulira tebulo."

Ena anaseka pang'ono pokumbukira za chikhoti choyamba chija. A McGinley sanaseke. Anatenga kamutuko, manja awo akunjenjemera monga mwa masiku onse, nakatembenuza.

"Njanji za Tobias zili kuti, mayi?"

Anawauza. Anafotokoza za kusesa, za hamala, za galimoto ya zinyalala. Nkhalamba ija inavula magalasi, nkhope yake itafiira mpaka m'makutu, koma sinanene mawu oipa. Inatenga kachidutswa ka njanji ya m'sitolo patebulo la mnzake, n'kuikapo kamutu kaja. Mawilo a mbali imodzi anakhala, a mbali inayo analendewera kunja.

"Mwaona? Kwathu ku Ireland njanji ndi zotambalala kuposa za ku Mangalande," anatero a McGinley. "Enafe ulesi, timangoyendetsa pa za m'sitolozi ngakhale zili zopapatiza. Koma amene anasula kamutu aka anakapanga pa muyeso weniweni wa kwathu, ndipo njanji zotero palibe sitolo imene imagulitsa. Munthu umayala wekha. Mwamuna wanu anadula yekha timitengo tonse toyala pansi, kamodzikamodzi, n'kumata zitsulo ndi mtovu. Zaka zonse munkamuona ali pansi paja ankachita zimenezo. Muno mu Toronto sindikudziwa wina amene anali nazo."

"Nanga inu simungayale?"

A McGinley anangomuonetsa manja awo.

Bambo wina wachifundo analowererapo. Anati iye akhoza kufinya mawilo a kamutuko kuti kakwane pa njanji za m'sitolo, ntchito yosavuta, ndipo chikhoti sakuchifuna. Pofuna kumusangalatsa anayatsa sitima yake imene inali patebulo pomwepo. Inazungulira mokongola, ikungoti shii ngati makina osokera. Zelipa anatchera khutu, mtima uli m'mwamba, kudikira.

"Siikulira," anatero. "Ya kwathu inkati kete-kete."

"Singalire choncho," anayankha a McGinley motsitsa mawu. "Kulira kuja sikunali kwa sitima, mayi, kunali kwa njanji. Tobias ankadula zitsulo zake zifupizifupi, n'kusiya kampata pamfundo iliyonse kuti mawilo azigunda. Ine ndinakangana naye. Ndinati za kwathu sizinkalira mofulumira chonchi, wafupikitsa kwambiri. Iye anati akudziwa. Anati sitimayo ikhale ya kwanu, koma kulira kwake kukhale kwa kwathu. Akuti ankayeza ndi khutu, kumatula n'kumatanso, mpaka imveke ngati sitima imene munakwera awiri kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka mutangokwatirana, pokakuonetsani kwa abale. Ankati mkazi wanga amamva kukhitchini, ngakhale amanamizira kudana nazo."

Ulendo wa ku Balaka uja Zelipa anaukumbukira wonse, benchi yathabwa, nzimbe zimene anagula pa windo, a Tobias atagona paphewa pake pakamwa pali yasaa. Zaka zonsezi phokoso lija linkamukhazika mtima pansi, iye osadziwa chifukwa chake, ndipo mwini wake ankadziwa kuti akumvetsera. Zinamupweteka kuposa tsiku la kumanda. Analira pomwepo, pamaso pa azungu aja, osabisa nkhope, ndipo a McGinley anakhala naye mpaka anatonthola.

Bambo wachifundo uja anafunsanso ngati afinye mawilo. Zelipa anathokoza, nakana. Anapinda chikhoti, nabweza kamutu m'chikwama.

Atafika kunyumba anakaika pa shelefu ya m'khitchini, pafupi ndi chitini cha tiyi, naongola kachumuni kaja ndi chala. Dzuwa linali lisanalowe. Anatsuka mpunga, nakazinga anyezi, nathira nyemba za dzulo mumphika, maganizo ali pa benchi ya sitima ya ku Balaka. Zitapsa anapakula, naika mbale patebulo, ndipo asanazindikire chimene akuchita, chidendene chake chinamenya pansi.

Anaima ndi chipande m'manja, kudikira kuti sitima iime. Panalibe choti chiime, ndipo masitepe sanalire.