Zilembo za Misheck

Chibakela choyamba chinam'peza Misheck akali pampando. Chachiwili chinatela pa diso lamanja, ndipo anagwela pansi pamodzi ndi kiyibodi.

"Amama ali kuti?" anakalipa Kenan, wogulitsa nyama mumsika wa Lundazi. "Ndinati uikemo nyimbo. Ndinati ufufute?"

M'kadi ya foni ya Kenan munali kanema mmodzi yekha wa malemu amayi ake, akuimba pa ukwati. Tsopano munalibe kanthu. Kenan anam'ponda Misheck m'nthiti, nazula chingwe cha pulinta kuti am'kwapule nacho. Azimayi ogulitsa nshawa ndiwo anam'kokela panja, akutukwanabe.

Misheck ankagwila ntchito m'kashopu ka Amai Tryphena, koika nyimbo m'mafoni. Kompyuta inali yakale, ndipo iye ndiye anaiikamo Linux, pulogalamu ija yaulele imene munthu amaikonza mmene afunila. Anaikonzadi: kumbuyo kwakuda bii, zilembo zachikasu zazikulu ngati chala, kamuvi ka mausi konenepa. Anthu ankati n'kunyada. Zoona zake, diso lamanzele linali litafa kale, ndipo lamanja nalo linali kutsatila. Sanauze munthu poopa kuchotsedwa ntchito.

M'mawa wa tsikulo msuweni wake Danwell, amene ankasinthana naye pakompyutapo, anasintha zonse. Anaika chithunzi cha mathithi, tizilembo totuwa ngati nsabwe, ndipo mzele wa zizindikilo anausamutsila pambali. Misheck pofika masana anapeza Kenan akudikila kale. Anachita manyazi kufunsa. Anadina mongoganizila, ndipo pamene anadinapo panali pofufutila kadi.

Misheck akali pansi pomwepo, Danwell analowa akutafuna chitumbuwa.

"Msuweni, nawenso akusintha maonekedwe?"

"Anakutuma ndani kugwila makonzedwe anga?"

"Inkaoneka ngati bokosi la malilo. Atsikana ankangosuzumila n'kubwelela. Ukanandithokoza."

Misheck ananyamula mpando nauponya ndi mphamvu zonse. Unadutsa kutali ndi Danwell n'kukaswa galasi la kabati ya machaja. Kenako anam'dumphila, nam'gwila pakhosi. Anagubuduzana pa magalasi osweka. Danwell anam'menya chigongono pakamwa, Misheck anam'luma khutu, magazi n'kudonthela pa simenti.

Amai Tryphena atafika sanafunse woyambitsa. Anakwapula onse awili ndi ambulela mpaka inapindika.

"Imililani. Mwaona kuti ino ndi bala ya mowa?"

Anayang'ana kabati, nayang'ana pamene Danwell anali ataima poyamba. Azimayi a pakhomo anali atawafotokozela kale zonse.

"Munthu ali pamphuno pako, iwe wamenya kabati," anatelo kwa Misheck. "Bwela kuno. Welenga apa."

Misheck anayandikila sikilini mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza. Sanathe kuwelenga ngakhale liwu limodzi.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha, amama."

"Mwana wosalila amafela m'mbeleko. Nanga iwe, katswili wa mathithi, sunadabwe kuti mnzako akulemba zilembo ngati za pasitolo?"

Danwell anagwila khutu lake.

"Kenan ndikamuona ndekha, nayenso ali ndi mlandu wake. Iwe Danwell, bwezela zonse mmene zinalili. Kulitsa zilembo mpaka mnzakoyu anene yekha kuti basi. Akawelenga, ntchito ikhala yake. Akalephela, sindingasunge munthu wofufuta amayi a anthu."

Danwell anakhala pakompyuta. Anachotsa mathithi, nabwezela kumbuyo kwakuda ndi zilembo zachikasu. Mzele uja anautsitsila pansi. Kenako anatsegula pokulitsila zilembo.

"Apa bwanji, msuweni?"

Misheck anapukuta magazi ndi malaya. Diso lamanja linali litatupa, lofiila ngati chiwindi. Analitsegula ndi zala ziwili.

"Onjezela."

Danwell anaonjezela. Zilembo zinafika pa msinkhu wa masiku onse.

"Onjezela."

Anaonjezelanso, mpaka liwu limodzi linadzaza theka la sikilini. Azimayi a pakhomo ankatha kuliwelenga ali panja. Danwell anadinanso, koma zilembo sizinakule. Anatembenukila kwa Amai Tryphena.

"Zathela pomwepa," ananong'ona.

Amai Tryphena anatola makiyi a shopu patebulo nawamanga pa chitenje. "Danwell, katenge njinga, um'pelekeze kuchipatala."

Misheck sanasunthe. Anali akali chiyang'anile sikilini.

"Danwell," anatelo, "onjezela pang'ono chabe."