Galimoto Yosungitsa kwa aNachisale

Osadziwa amati chitsulo sichiola. Chimaola ndithu, kungoti chimayambira kunsi kumene maso safika. Galimoto ya malemu a Pitala inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka khumi ndi chimodzi, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo pamene mwana wawo Gilibati anaikankhira pabwalo, chaka chija anthu anavotera zipani zambiri, chala chinkalowa m'munsi mwa zitseko zake ngati m'papaya lakupsa.

Inali Pijo yakalekale, imene a Pitala anasiyiridwa ndi mzungu wa pa esiteti ya fodya pamene anali kapitawo. Akazi awo, aNachisale, sanaikondepo chibwerere. Galimoto imapha, imaitana nsanje, imalozera akuba pakhomo. Koma ulendo uno anangong'ung'udza chapansipansi, chifukwa nkhani inali ya Jenipher.

Jenipher anali mwana wa Gilibati. Amayi ake anamwalira iye akukwawa, ndipo anakulira m'manja mwa agogo akewa kuno ku Mitundu. Koma mwana ndi wa kuchikazi, ndipo atsibweni ake a ku Nathenje sanaiwale zimenezo. Atapezeka mnyamata womufuna, dzina lake Edson, atsibweniwo analamula kuti ukwati ukachitikira kwawo m'mwezi wa Meyi, anthu atayamba kugulitsa fodya. Potsiriza anafunsa moseka ngati atumize ngolo yodzatenga mkwatibwi, poti anamva kuti galimoto ya ku Mitundu inasanduka khola la nkhuku. Gilibati anayankha pamaso pa ankhoswe kuti mwana wake adzatsika pakhomo pa tchalitchi kuchokera m'galimoto ya agogo ake. Mawu onenera pamaso pa ankhoswe sabwezedwa. ANachisale sanakondwe nazo, koma chipongwe cha a ku Nathenje chinawalasa nawonso.

Gilibati anaphunzira zokonza mathirakitala pa esiteti, ndipo miyezi inayi ya chilimwe anaithera pa galimotoyo. Anapala dzimbiri ndi bulashi ya waya ndi sandipepala mpaka zala zinasupuka. Pamene chitsulo chinali chitadyeka, a Yona owotcherera a pa msika wa Mitundu anabwera ndi mabotolo awo a gasi pa ngolo, nadula, naikapo zigamba za mgolo. Pansi ponse pamene okhala kumbuyo amaponda anaika patsopano. Kenako anapaka penti wofiira woletsa dzimbiri, kunsi konse anapaka phula lotentha, m'kati mwa zitseko anathiramo oili wakuda. ANachisale ankakhala chapatali pang'ono, akuchenjeza kuti moto wowotchererawo umachititsa khungu, fumbi la dzimbiri limayambitsa chifuwa chachikulu, ndipo wolowa pansi pa galimoto asamadalire njerwa.

Pa mtundu wa penti ndi pamene anaimirira zolimba. Masiku amenewo mtundu uliwonse unali ndi eni ake. Wachikasu anakana kuti ena adzaigenda. Wobiriwira anakana kuti enawo ndiye adzaiotcha. Wabuluu unalinso ndi chipani chake. Anagwirizana pa wotuwa ngati phulusa, umene panalibe wouimbira nyimbo.

Mu Novembala Gilibati anaitanidwa ku esiteti ina ku Kasungu, kukagwira ntchito dzinja lonse. Kumeneko ndi kumene ankayembekezera kukapeza matayala ndi batire. Analowetsa galimoto m'chigafa chakale cha fodya, chofolera bwino koma chopanda makoma, naikhazika pa njerwa, napereka makiyi kwa amayi ake.

"Amayi, ndikupempha chimodzi chokha," anatero. "Musaifunditse kanthu, mphepo izidutsa. Ndipo timabowo tili m'munsi mwa zitsekoti, ndi pansi apa, ndasiya dala. Ndi potulukira madzi."

"Mwasiya dala zibowo?"

"Dala, amayi."

ANachisale sanatsutse. Mwana akamalankhula zachizungu umangoti eya. Koma iwo anamata nkhokwe zaka makumi asanu, ndipo sanaonepo chinthu chosungika chili ndi zibowo. Polowa mphepo palowa mbewa, polowa mbewa njoka itsata. Nawo madzi alibe nzeru zodziwa kuti bowo ili ndi lotulukira, ilo ndi lolowera.

Basi ya ku Kasungu isanafike n'komwe pa Mponela, iwo anali atagwada kale m'chigafamo, phula lotsala m'chitini atalitenthetsa pamoto, nsanza zili pambali. Jenipher anawakumbutsa kuti abambo anakana. Iwo anamuyankha kuti abambo akewo anawabereka ndi iwo, ndipo agwire chitini bwinobwino chingamuotche. Anamata bowo lililonse, ngakhale laling'ono ngati diso la nkhuku.

Mvula yoyamba inabwera ndi mphepo, n'kuwazira madontho pa penti watsopano uja. Tsiku lomwelo aNachisale anapita pamsika kukagula pulasitiki wakuda wofolerera nyumba. Anaikuta galimoto yonse mpaka pansi, namanga ndi luzi, napsinja ndi miyala m'mbali, n'kusiya kapolowera kamodzi kumbali ya chitseko chakumbuyo. Odutsa ankati m'chigafa mwa aNachisale mwagona mtembo wa njovu.

Chaka chimenecho feteleza anakwera mtengo, ndipo akuba anasiya mbuzi n'kuyamba kuba matumba. Anthu ankati ndi ufulu womwe tinavotera uja. Kwa a Maliko, oyandikana nawo, anaboola khoma n'kutulutsa matumba atatu eni ake ali m'tulo. ANachisale anali ndi matumba awiri kuseri kwa bedi, ndipo khoma lawo linali la zidina ngati la a Maliko lomwe. Anaganiza masiku atatu. Kenako anaona kuti m'mudzi monse munali nyumba imodzi yokha ya chitsulo, yokiya zitseko zinayi, yomatidwa ndi manja awo omwe. Ndani angaganize zofuna feteleza m'galimoto?

Anaika matumba aja pansi, kumbuyo kwa mipando yakutsogolo, pa chitsulo chatsopano cha a Yona. Chinsinsi anauza munthu mmodzi yekha, mnzawo wa m'bungwe la amayi la Chigwirizano kutchalitchi, ndipo pofika Khirisimasi amayi anayi anali atabweretsa awo. Aliyense ankabwera ndi mbale yake kudzatapa wothira tsiku limenelo. Timibulu tina tinkatayika n'kulowa pansi pa mphira wopondapo. ANachisale ankasesa timene akutiona.

M'mawa uliwonse ankatsegula kuti aone ngati zonse zili bwino. Magalasi ankakhala atanyowa cham'kati, ndipo kudenga kunkalendewera madontho. Galimoto inkatuluka thukuta. Iwo anati ndiye kuti mphepo ikulowabe penapake, nawonjezera luzi ndi miyala. Tsiku lina mu Febuluwale anaponda pa mphira uja n'kumva kuti tapwa, ngati padambo. Anayala ziguduli zitatu pamwamba pake kuti zimwe chinyezi, nazisiya momwemo.

Dzinja linatha popanda mbewa, popanda njoka, popanda thumba lobedwa. Chimanga cha amayi onse asanu chinabereka bwino. ANachisale sanali munthu wodzitama, poti kudzitama kumaitana tsoka, koma makiyi ankawamanga pakona pa chitenje moti azioneka pang'ono.

Ku esiteti anamuchedwetsa Gilibati, ndipo anafika Lolemba, ukwati uli Loweruka la sabata yomweyo. Anatsitsa matayala ndi batire, nayang'ana m'chigafa. Kenako anayamba kumasula luzi. Pulasitiki atagwa, penti wotuwa uja anawala ngati wapakidwa dzulo.

"Onanitu," anatero aNachisale. "Ngakhale pokala nkhuku palibe."

Gilibati anatsegula chitseko chakumbuyo, ndipo munatuluka fungo ngati la m'khola la mbuzi. Anachotsa ziguduli, zili zolemera ndi madzi. Anakweza mphira. Pansi pake panali matope ofiira, m'mphepete mwake mwayera ngati mchere. Anakanikiza ndi chala chachikulu pamene a Yona anawotcherera, chala n'kulowa. Anapondapo ndi chidendene, ndipo chigamba chonse chinagwera pansi, n'kuonekera dothi la m'chigafa. Anagwada, natenga msomali, nabaya phula limene linamata bowo la m'munsi mwa chitseko. Munachucha madzi ofiira ngati pophera nkhuku, ndipo anachucha nthawi yaitali.

ANachisale anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Anati iwo ananena kale kuti galimoto imaitana nsanje, ndipo pali anthu amene amaseka nawe masana okha. Gilibati anatola zoyera zija, nazifikisa pakati pa zala. Ananena ngati akulankhula ndi mzati wa chigafa kuti ku esiteti ngolo ya thirakitala yonyamula feteleza siitha zaka ziwiri, chifukwa feteleza akakumana ndi madzi amadya chitsulo kuposa chiswe pa mtengo.

"Ndiye mukuti wachita ndani?" anafunsanso aNachisale, mawu atatsika.

"Ndi mvula, amayi."

 ANachisale anamasula makiyi pachitenje, nawaika pamwamba pa galimoto, nalowa m'nyumba.

Lachiwiri Gilibati anapita kwa a Yona. Anawapeza alibe gasi, ndipo anati wina sabwera kuchokera ku Lilongwe sabata imeneyo. A Yona atabwera kudzaiona galimoto, anagwedeza mutu n'kunena kuti ngakhale gasi akanakhalapo, pogwira chigamba panatsala pochepa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mwezi. Chomwe chinali chamoyo ndi mitanda yachitsulo ya m'mbali ndi injini. Anati pakanapezeka thabwa lolimba, lalikulu, louma, bwenzi atalimanga pa mitandayo ndi mabawuti, koma matabwa a pamsika anali aawisi ndi opyapyala, oti mkwatibwi akhoza kutsikira pa msewu asanafike.

Jenipher anati palibe kanthu, atumize uthenga ku Nathenje kuti ngolo ija ibwere, poti ukwati ndi ukwati. Ananena akumwetulira, kuti abambo ake asadandaule. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunawapweteka aNachisale. Anawaona m'maso mwawo atsibweni aja ataima pakhomo pa tchalitchi, akuthandiza mwana kutsika pangolo mwaulemu wonyoza, ndipo nkhani yake ikukambidwa mpaka pa zinkhoswe za adzukulu.

Munthu wamkulu sapepesa kwa mwana wake ndi pakamwa. Lachitatu m'mawa anamuitana Gilibati, naloza chitseko cha nyumba yawo. Chinali cha mlombwa, chochindikala ngati chikhatho, cha mipiringidzo iwiri ndi loko wamkulu.

"Zulani."

"Amayi, nanga inu muzigona bwanji?"

"Ndati zulani. Koma muyeze kawiri musanadule, mlombwa saulumikiza."

Gilibati anachidula pakati, chifukwa pansi pa galimoto pali chitunda chodutsa pakatikati. Mbali iliyonse anaisema kuti ikwane, kunsi anapaka phula, namanga ndi mabawuti pa mitanda ija. Pomaliza anatenga choboolera n'kuboola timabowo tiwiri pa thabwa lililonse. ANachisale anatsegula pakamwa, natsekanso. Lachisanu injini inalira, ana a m'mudzi n'kuthamangira kudzaona. Pakhomo pa nyumba panali patapachikidwa mkeka.

Loweruka galimoto anaikongoletsa ndi maluwa ndi timapepala toyera. Mudzi wonse unkakwera lole yopita ku Nathenje. ANachisale anavala diresi yawo yabwino ndi duku latsopano, natuluka, natembenuka kuyang'ana nyumba. M'katimo munali matumba a chimanga chatsopano, makina osokera a Jenipher, ndi mabulangete. Mkeka si chitseko. Anafunsa ngati pali wina wotsala, koma ndani angatsale kumudzi pamene ku Nathenje apha ng'ombe? Anatenga kampando, nakaika pakati penipeni pa khomo, nakhala.

Jenipher anatsika m'galimoto ndi diresi lake loyera kudzawadandaulira. Anati ukwati wake sungakome popanda amene anamulera. Gilibati naye anati tsiku limodzi lokha palibe chingabedwe. Iwo anati akuba amadikira tsiku limodzi lomwelo.

"Pita, mwanawe," anatero. "Mapazi uike pakati pa thabwa, usaponde m'mbali. Galasi usatsegule, fumbi la ku Nathenje silichoka pa nsalu yoyera. Ukamva fungo la mafuta ukuwe. Ndipo inu a Gilibati, pamlatho muziyenda ngati mwanyamula mazira."

Galimoto inanyamuka, lole pambuyo, nyimbo zikumveka mpaka kuseri kwa minda ya fodya. ANachisale anakhala pakhomo tsiku lonse. Kunadutsa mbuzi ziwiri ndi munthu wogulitsa makala.

Anthu anabwerera Lamulungu masana, aliyense ndi yake nkhani. Galimoto inafika bwinobwino, diresi lili mbee. Atsibweni anaizungulira katatu osapeza ponena. Wamkulu wawo anasuzumira m'kati, nagogoda pansi ndi chala, n'kunena kuti chibadwire sanaonepo galimoto yoyalidwa mlombwa, ngakhale za mabwana a ku Lilongwe. Anapempha yekha kuti akwere nawo popita kumadyerero. Mabanja atatu a kumeneko anali ataipempha kale pa maukwati awo a mu Juni ndi Julaye, ndipo Gilibati anavomera.

ANachisale anamvetsera zonse, nafunsa ngati Jenipher anadya, ndiponso ngati anamufunditsa pobwera kutchalitchi. Kenako anafunsa za chitseko. Gilibati anati maukwati amenewo akatha adzaonana ndi kalipentala, kungoti mlombwa masiku ano ukusowa.

Iwo anayang'ana mkeka uja ukugwedezeka ndi mphepo. Anati ndiye awabwerekere galu, koma asakhale woluma, poti pakhomo pamadutsa ana.