Dzina Langa Silipita pa Thumba Limeneli

Zaka khumi ndi zinayi mayi woyesa mbewu anagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya zaulimi, kodzaza ndi mbale za mchenga wonyowa. Mbewu iliyonse imene boma linkagawira alimi inkayamba yadutsa m'manja mwawo. Ankadzala njere zana m'mbale, n'kudikira sabata, n'kuwerenga zomera. Anzawo ankawaseka kuti munda wawo umakwana patebulo.

Chaka chimenecho kunabwera chimanga chooneka bwino, chopakidwa mankhwala ofiira, koma pa njere zana zinangomera makumi atatu. Anabwerezanso. Zinali zomwezo.

Lachinayi m'mawa bwana wa ofesi analowa ndi pepala.

"Mayi, sainani apa. Malole akudikira, mvula ili pafupi."

"Mbewuyi ndi yakufa, bwana. Taonani nokha."

Bwanayo sanayang'ane n'komwe. "Wotopa ndi mchenga wanuwo. Akuluakulu avomereza kale."

"Ndiye asaine akuluakuluwo. Dzina langa silipita pa thumba limeneli."

"Mukudziwa kuti kuli maofesi ena kumene basi sifika?"

"Ndikudziwa. Nakonso kuli alimi."

Bwana anatuluka. Mayiwo anakhala pansi, n'kuganiza za mchemwali wawo wamasiye amene amadalira kamunda kamodzi. Kenaka ananyamula mbale ziwiri, ulendo kunyumba yosungira katundu. Madalaivala anali atakhala mumthunzi wa malole. Wosunga makiyi, bambo wosakonda zolankhula, anali pakhomo.

"Achimwene, mukamatsegula mudziwe chimene mukutulutsa," anatero mayiwo.

Bamboyo anapisa chala mumchenga, n'kutulutsa njere yowola, n'kuinunkhiza.

"Izi ngakhale nkhuku zanga zikhoza kundisumira," anatero dalaivala wina.

Wosunga makiyi sanaseke. Anaponya makiyi m'thumba la buluku. "Popanda pepala lanu, chemwali, pano sipatsegulidwa."

Malole anabwerera opanda kanthu. Chimangacho chinabwezedwa kwa amene anachigulitsa, ndipo sabata isanathe mayiwo analandira kalata yowasamutsa.

"Pakamwa panupa tsiku lina padzatisamutsira kumwezi," anatero amuna awo akumanga matiresi.

"Mangani zolimba, bambo a ana, msewu wake ndi wamabampu."

Mbewu ina inafika mochedwa, mvula yoyamba itagwa kale. Pa lole imene mayiwo ndi amuna awo anakwera popita kumalo atsopanowo panali alimi, ndipo nkhani inali yomweyo. Bambo wina wa chipewa chong'ambika ankatukwana mzimayi wa kuofesi amene akuti anatsekereza mbewu chifukwa cha matama.

Amuna a mayiwo anawatsina pamkono kuti akhale chete. Mayiwo anachotsa dzanjalo, n'kutembenuka.

"Mzimayi wa matamayo ndine, bambo. Mwadzala mochedwa, pepani. Koma zimera. Mukadadzala zoyamba zija, bwenzi mukupalira dothi lokhalokha."



"Nanga mbewu yowola mumaidziwa bwanji musanaidzale?" anafunsa bamboyo.

Mayiwo anasendera pafupi, n'kuyamba kuwafotokozera.